Mapepala a amayi

Sinditaya lisiti. Mkazi wanga amandiseka nazo, koma nayenso ali ndi kabokosi kake pansi pa bedi. Chizolowezichi sindinachoke nacho ku Dedza, kumene munthu akakubwereka thumba la chimanga mboni zake amakhala anthu amene anakuona ukulisenza. Ndinachitola kuno ku Britain, kumene aliyense wobwera pa viza amaphunzira msanga kuti chimene sichinalembedwe sichinachitike. Timasunga mapepala a malipiro, makalata a ku banki, mabilu a magetsi okhala ndi mayina athu tonse awiri, matikiti a ndege a maulendo amene tinawaiwala kalekale. Pamwamba pa zonsezi ndinkasunganso malisiti a ndalama zimene ndimatumizira amayi mwezi ndi mwezi, ndipo amenewa ndinkawasamala kuposa ena onse. Mumtima ndinkati tsiku lina adzandilankhulira. Adzasonyeza kuti mayi amenewa akudya za m'manja mwanga chimwalirireni bambo, ndiye n'koyenera kuti ukalamba wawo adzaumalizire pafupi ndi ine. Nditakhala pansi n'kuwerenga lamulo loitanira makolo kuno mofatsa, ndinapeza kuti mulu wonsewo ukuikira umboni mbali ina.

Lamuloli linayamba mu July 2012. Lisanabwere, kholo la zaka 65 kapena kuposerapo, lodalira mwana wake pa ndalama, linkatha kupempha kudzakhazikika kuno, ndipo makolo ankabweradi. Kuyambira chaka chimenecho njira imene amaitcha Adult Dependent Relative imafuna zinthu ziwiri. Munthuyo akhale woti chifukwa cha ukalamba, matenda kapena ulumali sangathe kusamba, kuvala kapena kudziphikira popanda womuthandiza, ndipo vutolo likhale lokhalitsa. Kuwonjezera apo, chisamalirocho chikhale chosapezeka kumene ali, ngakhale mwana wake wa kunoyo atatumiza ndalama, kaya chifukwa kulibe woti angachipereke kaya chifukwa mtengo wake ndi wosafikirika. Mwanayo amasaina kuti kwa zaka zisanu kholo lake silidzapempha thandizo la boma, ndipo fomu yokha imadya mapaundi opitirira 3,000, osabwezedwa akakukana. Gulu lotchedwa BritCits linatengera lamuloli kukhoti, koma mu 2017 Court of Appeal inagamula kuti liyenera kukhala momwemo. Amene wadutsa amalandira ILR, chilolezo chokhala mpaka kalekale, tsiku lomwelo lofika. Odutsawo ndi owerengeka kwambiri.

Mfundo yachiwiriyo ndi imene imandisowetsa mtendere. Lisiti lililonse limanena kuti ndalama zinafika. Ndalamazo ndi zimene zimagula mankhwala a shuga ndi a BP akatha ku chipatala chaching'ono, zimalipira mtsikana wotunga madzi ndi kuchapa, zinagula malata ndi simenti, zimachita hayala galimoto tsiku lokaonana ndi dokotala ku Lilongwe. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023 anthu kumudzi analira, mitengo inakwera mosaona nkhope, koma wowerenga mapepala kuno amaona chinthu chimodzi chokha, chakuti malipiro a mwezi wathunthu a munthu wosamalira gogo ku Dedza ine ndimawapeza tsiku limodzi. Ndiye mwana wosaiwala kwawo amadzitsekera yekha chitseko. Wakhala akutsimikizira boma mwezi ndi mwezi kuti amayi ake ali bwino kumene aliko. Nanga funso lakuti kodi kulibe woti angawasamale ndingaliyankhe bwanji? Achimwene ndi alamu ali nyumba yachitatu kuchokera pa amayi. Amayi a Chigwirizano amabwera kudzawazonda akangomva kuti sanadzuke bwino. Chaka chimene anagonekedwa m'chipatala, alamu ndi mwana wa amayi aang'ono ankasinthana ugadiyani, kugona pasimenti, kuphika phala panja pa wodi ndi timapoto tawo. Zimenezi ndi zimene timanyadira tikamauza anzathu akuno za kwathu. Pa fomu, chilichonse mwa izi ndi chifukwa chokanira.

Loya amene ndinakamufunsa sanazungulire. Anati pamafunika makalata a madokotala onena kuti amayi sangadzichitire kanthu, ndi umboni wakuti abale onse amene alipo sangathe kuwasamala, aliyense ndi chifukwa chake. Usiku umenewo ndinayesa kulemba kalata yotero, kungofuna kuona kuti ioneka bwanji. Mabodza enieni sankafunika. Achimwene amakondadi kachasu, alamu ali ndi ana awo asanu, mtsikana wantchito akhoza kukwatiwa mawa n'kusiya. Zoona zokhazokha, koma zosankhidwa ndi mpeni, kudula zonse zabwino n'kusiya zowola. Nditafika pa dzina la alamu, amene anawasambitsa amayi m'chipatala muja ine ndili kuno ndikuyang'ana foni, dzanja linakana. Sindiweruza amene amalemba makalata oterowo. Ena makolo awo alidi okha, ana onse anabalalika kapena anagona, ndipo kalata yawo ndi yoona kuyambira mutu mpaka mchira. Komabe amenewonso amayenera kudikira mpaka kholo litafooka mokwanira kuti lamulo lilione, ndipo likafika pamenepo limakhala lotopa kale moti ulendo wa ndege wodzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, wa usiku wonse ndi kusintha ndege pakati, ndi chilango pachokha. Amayi anga lero amasesa pabwalo, amapita kudimba, amakangana ndi ogula mbatata pamsewu. Kuti ayenerere kudzakhala nane, zonsezi ziyenera kuyamba zatha.

Chimene chimandiseketsa mowawa n'chakuti fayilo ina ya amayi ilipo kale, ndipo ndinaikonza ndine. Ndi ya viza yodzacheza, ya miyezi isanu ndi umodzi. Pa imeneyo umayenera kutsimikizira kuti mlendoyo adzabwerera. Tinaikamo kalata ya amfumu yonena za munda, zithunzi za nyumba ya malata, kalata ya abusa, mayina a adzukulu amene amawalera, ngakhale khola la mbuzi linajambulidwa. Mayi wa m'fayilo imeneyo ndi mzimayi wokhazikika, wozunguliridwa ndi anthu, amene sangalote n'komwe zotsala ku England. Mayi wa m'fayilo imene sindinaimalize ndi nkhalamba yosiyidwa, yopanda woipatsa madzi. Onse awiri ndi munthu mmodzi, wa pasipoti imodzi, ndipo amene adzawerenge yachiwiri adzakhala ndi yoyamba patsogolo pake. Palinso china chimene anzanga anandichenjeza: ukangopempha zokhazikika n'kukanidwa, wadziulula kuti cholinga chako n'choti asabwerere, ndiye ngakhale ya kucheza ija imavuta kuipezanso. Munthu umasankha mayi mmodzi mwa awiriwo n'kumamatira kwa iyeyo.

Anabweradi kudzacheza, titakolola. Masabata oyamba anali a chisangalalo chokhachokha. Nsima inayamba kukoma m'nyumba mwathu, ana anaphunzira kugwada popereka madzi, ngakhale ankagwada moseka. Kenako tinabwerera kuntchito, ana kusukulu, ndipo amayi anatsala ndi wailesi yakanema yolankhula chinenero chimene samachimva ndi zenera loyang'ana pamsewu pamene palibe wodutsa amene amati odi. Tsiku lina ndikuchokera ku shifiti ya usiku anandifunsa kuti, "Ababa, kodi kuno anthu samwalira? Chibwerere sindinamve kulira maliro." Ndinawauza kuti bambo wa nyumba yoyandikana nafe anaikidwa mwezi wathawo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye inu munali kuti?" Pofika October, dzuwa litayamba kulowa msanga, nkhani zawo zinali za chizimalupsa, za mizere yosakonzedwa, za feteleza amene achimwene angamugulitse akapanda kumuyang'anira. Viza inali idakalipo, koma anatiumiriza kusintha tsiku la tikiti. Pa bwalo la ndege anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ndaona kumene mumakhala, mtima wanga wakhala pansi. Koma musadzandisiye kuno." Mawu amenewo sindinawaike m'fayilo iliyonse, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkachita ngati sindinawamve.

Ndiyenera kunenanso za mbali ya eni dziko, chifukwa ndimaiona ndi maso anga. Ndine namwino, ndipo mawodi amene ndimagwiramo ndi odzaza ndi okalamba, ena achira kale koma akusowa kopita chifukwa kunja kulibe wowalandira. Boma linanena poyera mu 2012 kuti cholinga chake chinali kuchepetsa katundu pa NHS, zipatala za boma za kuno, ndi pa chisamaliro cha okalamba chimene chimalipiridwa ndi misonkho. Munthu wa zaka 70 wofika lero sanasonkheko, ndipo zaka zake zodula kwambiri zili kutsogolo. Masamu amenewa si a nkhanza, ndi masamu basi, ndipo mayiko ena amawachitanso, aliyense mwa njira yake. Canada inkachita maere pakati pa ana ofuna kuitana makolo, ndipo wogwera mwayi ankasaina kuti adzawasamala zaka 20. Ena onse angapemphe super visa, yolola kholo kukhala mpaka zaka zisanu ulendo umodzi, bola likhale ndi inshuwalansi yake ya chipatala. Australia imayamba yawerenga ana ako kuti ione ngati theka la iwo, kapena ambiri kuposa a m'dziko lina lililonse, akukhala kumeneko, kenako imakupatsa mizere iwiri: wolipira madola a kumeneko pafupifupi 50,000 pa kholo limodzi, kapena wotsika mtengo umene umatenga zaka pafupifupi 30. Kuuza munthu wa zaka 70 kuti adikire zaka 30 ndi kukana kwaulemu. Ndimamvetsa zonsezi. Koma ndimamvetsa ndili chiimire pambali pa bedi la mayi wa munthu wina, ndikumutembenuza kuti asachite zilonda, ndikumumwetsa tiyi ndi supuni, ndipo kumvetsako sikufika m'manja.

Mkazi wanga yekha ndi amene lamulo linamuzindikira mosavuta kuti ndi wanga, ngakhale mawu akuti mosavuta akundikhumudwitsa powalemba. Panthawiyo woitana mkazi kapena mwamuna wake ankayenera kupeza mapaundi 18,600 pachaka; kuyambira pa 11 April 2024 ndi 29,000, ndalama imene anthu ambiri obadwira konkuno sayifika. Anakapimitsa TB, analemba mayeso a Chingelezi asananyamuke, ena patatha zaka ziwiri ndi theka, ena pomaliza zaka zisanu, kuphatikizapo mayeso a Life in the UK, mafunso 24 a mafumu ndi nkhondo zakale amene uyenera kukhoza 18. Pa chaka chilichonse cha viza pamakhala msonkho wa chipatala wolipiriratu, umene tsopano uli pa mapaundi 1,035 kwa wamkulu. Ndipo nthawi iliyonse tinkayenera kutsimikizira kuti ukwati wathu ndi weniweni. Kwathu umboni wa ukwati ndi ankhoswe, anthu amoyo amene amadziwa tsiku limene tinakangana ndi chimene tinakanganira. Kuno ndi bilu ya gasi ndi kalata ya khonsolo. Zaka zisanu zimenezo zimachita kanthu kena m'nyumba kamene anthu sakonda kukakamba. Mmodzi amakhala ndi mapepala, winayo amakhala pa mapepala a mnzake, ndipo onse awiri amadziwa. Ndaona maukwati amene mkazi amapirira zosapiririka poopa kuti akachoka viza ichoka naye. Lamulo lili ndi khomo la ochitiridwa nkhanza, lowalola kupempha ILR pawokha, koma ambiri salidziwa, ndipo wochita nkhanzayo sangakhale woyamba kuwauza.

Ife tinali ndi mwayi wa nthawi. Ophunzira ambiri anaimitsidwa kubwera ndi mabanja mu January 2024, ndipo kuyambira pa 11 March 2024 obwera kudzagwira ntchito yosamalira okalamba anaimitsidwanso. Ku tchalitchi chathu muli azimayi amene anasiya ana a zaka zitatu ndi zinayi ku Ndirande ndi ku Area 25, amawaona akukula pa WhatsApp, amayimba nawo nyimbo yogonetsa pa nthawi yopuma kuntchito. Ndikawaona ndimakumbukira agogo aamuna, amene anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, Kamuzu asanaimitse ulendowo mu 1974 ndege ya Wenela itagwa ku Francistown. Nawonso ankafunidwa manja okha. Ankagona m'komponi ya amuna okhaokha, mkazi ndi ana ali kumudzi, kontirakiti ikatha n'kubwerera ndi njinga ndi bokosi la malaya. Ena sanabwerere, anasanduka machona, anakwatira komweko, ndipo kumudzi mayina awo ankatchulidwa motsitsa mawu. Kale ndinkawaona ngati anthu opanda mtima. Tsopano ndimadzifunsa kuti ndi angati mwa iwo anangopeza kuti njira yobweretsera a kwawo kulibe, yobwerera nayonso yatalika, n'kungokhala pamene anali.

Ndiye pali mnyamata wa malemu achemwali anga. Kwathu ameneyo ndi wanga kuposa mmene aliri wa bambo ake. Ndine malume wake, mwini mbumba. Sukulu yake, matenda ake, tsiku lina ukwati wake, zonse zimagwera ine, ndipo palibe amene anachita kundisankha. Lamulo la kuno limawerenga mkazi kapena mwamuna, ana osafika zaka 18, basi. Ngakhale kholo lenileni limene linasiya mwana kumudzi limayenera kutsimikizira kuti ndi lokhalo limene lakhala likulamula za moyo wa mwanayo, chinthu chovuta kwa ife amene mwana amaleredwa ndi agogo, azakhali ndi aliyense amene ali pafupi ndi mbale. Kwa mwana wa m'bale kuli kakhomo kakang'ono, ka zifukwa zazikulu kwambiri zosonyeza kuti kumusiya kumeneko n'kumuika pa ngozi. Apanso funso ndi lomwe lija: kodi alibe womusamala? Ali nawo agogo ake, mayi omwe aja amene m'fayilo ina ndimafuna kuwalemba kuti sangathe kudziphikira. Mnyamatayo ali Fomu 3. Akakwanitsa zaka 18 kakhomoko katsekeka, ndipo adzakhala munthu wamba wofuna viza ngati wina aliyense. Sanandifunsepo za kubwera kuno. Amangoti, "Amalume, fizi ya teremu ino yakwera," ine n'kutumiza.

Pamene ndakhala ndikuganizira kwambiri masiku ano ndi pa chilolezo chenichenicho, ILR, chimene tonse timachithamangira. Amati n'cha mpaka kalekale, koma ukakhala kunja kwa dziko zaka ziwiri zotsatizana chimafa, ndipo uyenera kupemphanso ngati wobwerera. Pamene ndinkachidikira pa viza ya ntchito sindinkaloledwa kukhala kunja masiku opitirira 180 pachaka, ndipo aliyense wa ife amadziwa maliro amene anawaphonya powerengera masiku ndi ndalama. Mu May 2025 boma linalengeza ganizo lakuti ambiri azidikira zaka khumi m'malo mwa zisanu. Khadi limene tinkalisunga m'chikwama nalonso linatha ntchito kumapeto kwa 2024, tsopano chilolezo chili pa kompyuta, umachiona ukalowa ndi nambala yachinsinsi. Tiyerekeze kuti amayi achipeza. Chikanawapatsa chiyani? Ufulu wokhala pa zenera lija mpaka imfa, ndi mantha akuti akapita kwawo n'kuchedwako ataya chimene mwana wawo anachivutikira. Chimene iwo amafuna, ndikamvetsera bwino, ndi kubwera akafuna n'kubwerera mvula ikayandikira, kudwalira kuno akadwala kwambiri koma kukaikidwa pafupi ndi amayi awo. Palibe fomu ya zimenezo. Ndipo chimene ine ndimafuna mwina si kukhazikika kwawo ayi. Ndimafuna kusiya kudzidzimuka foni ikalira pakati pa usiku nambala yake ikuyamba ndi 265. Ndimafuna kuti pa tsiku limene adzalephere kudzuka, amene adzawakweze mutu ndidzakhale ine amene ndinaphunzira ntchitoyo, osati kudzangomva kwa alamu. Chimenechi n'chofuna changa, ndipo ndakhala ndikuchiveka dzina la ubwino wawo.

Khomo limene lamulo linasiya lotsegula kwathunthu ndi loyang'ana kwinako: ine kupita kwa iwo. Kwa zaka zambiri sindinafune pasipoti ya kuno chifukwa Malawi sankalola wamkulu kukhala nzika ya mayiko awiri, ndipo kutaya yakwathu kunkandiwawa. Nyumba ya Malamulo inasintha zimenezi mu December 2018. Nzika siwerengeredwa zaka ziwiri, ikhoza kukhala kunja mmene ifunira n'kubwerera. Ndiye tayamba kudzaza fomu ina, ya unzika, yofuna anthu awiri otichitira umboni, ndalama zinanso zopitirira mapaundi 1,500 munthu mmodzi, ndi lumbiro kwa Mfumu Charles. Ndidzalumbira kukhala wa kuno kuti ndipeze ufulu wochokako. Zovuta zake n'zoonekeratu: ngongole ya nyumba, ana amene Chichewa chawo chimathera pa moni, mkazi wanga amene ali ndi amayi ake ku Zomba ndipo akufunsa, mwachilungamo, kuti tikapita tikakhala kwa ndani. Sitinagwirizane. Lamlungu lapitalo ndinawauza amayi pafoni kuti mwina chaka chamawa ndibwera kudzakhalitsa, miyezi ingapo kapena kuposerapo. Anafunsa ngati andichotsa ntchito. Nditati ayi, anati ndisabwere nthawi ya njala chifukwa ndidzangowonjezera pakamwa, ndidikire akolole, ndipo pobwera ndisaiwale nsapato za mnyamata uja, nambala 8.